Chithunzi cha Nambala 214

Pa pepala la mgwirizano ndinalemba ndekha:
zithunzi zikhala pa intaneti masiku makumi asanu ndi anayi,
akatha amenewo ndikhoma chitseko.
Onse amasaina osawerenga.
Wopita ku ukwati saona timalemba ting'onoting'ono.

Ndine Eulalia Barraza, ndimajambula maukwati
muno mu Valparaíso, mzinda wolendewera pa zitunda
ngati zovala zoyanika pa chingwe.
Situdiyo yanga ili pamwamba pa wosoka nsapato,
masitepe zana ndi asanu ndi awiri kuchokera ku doko.
Lendi ndimalipira pawiri:
ya chipinda chino, ndi ya chipinda china chosaoneka
kumene ndimagoneka nkhope za anthu.
Mwini wa kumeneko samva za mawa,
mwezi ukatha amangopisa m'thumba mwanga.

Tsono usiku wa Lachinayi, mvula ya Julaye ikusasantha malata,
ndinakhala pansi kuti ndisese.
Ubatizo wa mapasa a kwa Zúñiga, fufutu.
Phwando la otsiriza sukulu ya zapanyanja, fufutu.
Chala chikazolowera, mtima umawodzera.

Ndinafika pa ukwati wa Maite ndi Fermín.
Masiku awo anatha kalekale, ndinangoiwala kukhoma,
ndipo banjalo linatha zithunzi zikadalipo.
Maite anandilembera mu Malichi, mawu atatu basi:
"Zichotseni zonse, chonde."
Ndinati mawa. Mawa linabala mawa linzake.

Koma makina amawerenga mapazi a alendo.
Chithunzi cha nambala 214
chimatsegulidwa usiku uliwonse cha m'ma folo koloko,
mabwato a asodzi asananyamuke ku Caleta Portales.
Maulendo mazana anayi ndi asanu ndi limodzi.

Ndinachitsegula. Chithunzi cholakwika, choyenera kudzala:
akwati ali mbuu, kuwala kwapsereza diresi.
Koma pakona, kuseri kwa keke,
mkulu wina wadazi, jekete yomuthina m'khwapa,
wakweza kampango koyera m'mwamba, akuvina kweka,
kukamwa kuli yasa,
akuseka ndi mano onse amene anamutsalira.
Dzina sindimudziwa.
Pa mndandanda wa oyenera kujambulidwa panalibe iye.

Ndani amadzuka mbandakucha kudzamuona?
Wamasiye kodi, amene dzanja limapapasa mbali yozizira ya bedi?
Mwana wake ku migodi ya kumpoto, poweruka ntchito ya usiku?
Kapena mwini wakeyo, miyendo itamukana,
kudzatsimikiza kuti tsiku lina anavinadi?
Makina sanena. Amangowerenga.

Anzanga a ntchito amati miyezi itatu yakwana,
wofuna zake akopere, ife si osunga manda.
Wina amati chaka. Wina amati opitirira azilipira.
Palibe akunama, ndalama sizimera pa kamera.
Nayenso Maite ali ndi ufulu
kuti nkhope yake isagonenso pafupi ndi ya Fermín
m'nyumba ya munthu wina.

Ndinafufuta zonse:
mphete, maluwa, kupsompsonana pa khonde la tchalitchi.
Cha 214 ndinachidula ndi lumo la pa kompyuta,
akwati kunja, keke kunja,
n'kutsala mkuluyo ndi kampango kake.
Ndinamusiya pa khomo lomwelo, mawu achinsinsi omwewo,
m'munsi mwake n'kulemba:
"Inu amene mumabwera kuno, chitengeni, n'chanu.
Dinani kamuvi koloza pansiko.
Pano ndikhoma pa 30 Okutobala."

Folo koloko inandipeza ndili maso, tiyi atazizira.
Nambala inasuntha: mazana anayi ndi asanu ndi awiri.
Kamuvi sanakakhudze.
Mwina sadziwa kadinidwe kake,
mwina chimene amafuna si kutenga, koma kubwera.

Lero ndi pa 9 Disembala.
Dzuwa lauma pa masitepe, wa nsapato akukhoma misomali pansipa,
a chipinda chosaoneka apisanso m'thumba dzulo.
Kiyi akadali m'dzanja langa, watentha ndi thukuta.